MADZI A CHIGUMULA, MISEWU YA KUMIDZI NDI MPIKISANO WA NJINGA

Nkhani imene Mlangizi wa Zaulimi analankhula pa wailesi kwa achikumbe ndi mafumu

Lero ndifuna kukamba nanu za misewu yathu ya kumidzi, m'mene madzi a mvula amaiwonongera, ndi m'mene kuwonongekako kumalepheretsera mpikisano wa njinga umene anyamata athu amaukonda anthu akatha kukolola.

Kapena wina afunsa kuti, "Kodi Mlangizi wa Zaulimi ali nawo chiyani mpikisano wa njinga? Bwanji osatiuza za mbewu ndi manyowa?" Yankho lake nali. Msewu umene anyamata amathamangitsapo njinga tsiku limodzi pa chaka ndi womwewo umene inu mumapitapo ndi matumba a chimanga, nandolo ndi thonje masiku ena onse. Ndiponso madzi ambiri amene amadula msewuwo amachokera m'minda yathu yomwe. Chifukwa chake wofuna kusunga msewu ayenera kuyamba ndi khasu kumunda, mvula isanagwe. Umenewu ndiwo mutu wa nkhani yanga.

NJINGA NDI MSEWU WA DOTHI

Misewu yolembedwa m'mabuku a Boma m'dziko muno, tikailumikiza yonse, ipitirira makilomita 15,000. Koma ya phula sikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Yotsalayo ndi ya dothi kapena ya timiyala, ndipo pambali pa imeneyi pali njira zambiri za m'midzi zimene sizinalembedwe konse. Pa misewu yotere mwini wake weniweni ndiye njinga ya kapalasa. Makolo athu anali kunyadira Humber ndi Raleigh. Lero tiona Hero, Phoenix ndi Buffalo. Maina asintha, koma ntchito yake ndi yomweyo. Njinga isenza matumba awiri a makilogalamu 50 kunka nawo kumsika kapena kuchigayo, itenga mayi wodwala kunka naye kuchipatala, ndipo idyetsa mabanja a anyamata a kabaza.

Tsono nkosadabwitsa kuti anthu odalira njinga chotere amafuna kuona kuti wopambana anzake pakupalasa ndani. Pa zionetsero za zaulimi ndi pa masiku a chikondwerero, mpikisano wa njinga umasonkhanitsa anthu ambiri. Masewera amenewa tisawapeputse. M'chaka cha 1972 a Grimon Langson ndi a Raphael Kazembe anaimira dziko la Malawi pa mpikisano wa njinga wa Olympic ku Munich, m'dziko la Germany, ndipo ena anapita ku Los Angeles mu 1984 ndi ku Seoul mu 1988. Lilipo bungwe loyang'anira masewerawa, dzina lake Cycling Federation of Malawi. Koma bungwe silingathe kuphunzitsa mwana kuthamanga ndi njinga ngati kwawo kulibe msewu wothamangapo.

CHIMENE MADZI ACHITA PA NJIRA YA MPIKISANO

Munthu wonyamula thumba amayenda pang'onopang'ono. Akaona dzenje atsika, nakankha njinga, nakweranso patsogolo. Wampikisano sachita chotero. Tinene kuti ali kuthamanga makilomita 30 pa ola limodzi; ndiye kuti ali kudutsa mamita 8 pa sekondi iliyonse. Akaona chigwembe chili pa mamita 15 patsogolo pake, watsala ndi masekondi osakwana awiri, ndipo mabuleki pa dothi sagwira msanga. Anzake amene ali kumtsata m'mbuyo sachiona konse chigwembecho, pakuti maso awo ali pa tayala la mnzawo. Woyamba akagwa, agwa onse.

Pali zinthu zinayi zimene madzi amasiya pa msewu, zimene ziopsa wopalasa. Choyamba ndi timingalande totsata msewu, m'mene munadutsa matayala a ngolo ndi galimoto. Tayala la njinga likalowa m'menemo silituluka, ndipo mahandulo sapindika. Chachiwiri ndi mchenga umene madzi amaunjika pamalo otsika. Tayala la kutsogolo limatitimira, mwini wake naulukira kutsogolo. Chachitatu, chimene chili choipa koposa, ndi dothi lolumikiza msewu ndi mlatho kapena la pambali pa kalavati. Madzi amalifukula pansi, pamwamba pali kuoneka bwinobwino, kufikira tsiku limene ligumuka munthu ali pomwepo. Chachinayi ndi mlatho umene wapita wonse ndi madzi.

Zikatero okonza mpikisano atsala ndi njira zitatu: kuulepheretsa chaka chimenecho, kufupikitsa mtunda wake, kapena kuusamutsira ku msewu wa phula. Koma kuphula kuli malole ndi maminibasi, ndipo mnyamata wa kumudzi alibe ndalama zofikira kumeneko. Amayi amene akanagulitsa thobwa, zitumbuwa ndi nzimbe pa tsikulo ataya mwayi wawo. Anyamata ofuna kuyeserera amaleka, pakuti aliyense adziwa mtengo wa limu yopindika, masipoko oduka, foloko yothyoka ndi chubu chophulika.

Komatu wampikisano ataya tsiku limodzi lokha. Mlimi ataya chaka chonse. Lole ikalephera kufika, wogula mbewu amene wafika pa njinga yamoto ndiye atchula mtengo, ndipo inu mulibe wina womugulitsa. Feteleza amafika mochedwa, chimanga chitapitirira kale msinkhu wothira. Ana saoloka kunka kusukulu. Kotero mpikisano uli ngati muyeso: msewu umene anyamata 20 angathamangepo osavulala ndiwo umene ngolo, lole ndi ambulansi zingadutsepo popanda vuto.

ZIGUMULA ZIMENE TIZIKUMBUKIRA

Dziko lathu si lachilendo ku madzi oopsa. M'mwezi wa December 1946 Napolo anatsika phiri la Zomba, nakokolola milatho ya m'tauniyo. M'mwezi wa March 1991 madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinawononga midzi ku Phalombe, ndipo anthu ambiri anafa. Mu 1997 madzi anadula njanji ndi msewu pafupi ndi mlatho wa Chiromo, kotero kuti anthu a ku Bangula ndi a ku Makhanga anayamba kuolokerana pa mabwato. Mu January 2015 maboma 15 analengezedwa kuti ali pa ngozi ya madzi osefukira. Mu March 2019 kunabwera namondwe wa Idai. Mu January 2022 namondwe wa Ana anadula msewu waukulu wa M1 m'boma la Chikwawa, nawononganso malo opangira magetsi a Kapichira. Ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo madera monga Nkhulambe anakhala masiku osafikika pa galimoto.

Madzi otere palibe mlimi kapena Nyakwawa angathe kuwaletsa ndi khasu. Pamenepo ntchito yathu ndiyo kumvera chenjezo la a Zanyengo pa wailesi ndi kusamukira kumtunda nthawi ikalipo. Milatho yaikulu imene yagwa ndi ntchito ya Boma ndi mainjiniya ake.

Koma ndifuna mumvetse ichi. Misewu yathu yambiri ya dothi siidikira namondwe kuti iwonongeke. Imatha ndi mvula wamba ya chaka ndi chaka, imene tiipempha tokha, monga anenera akulu kuti walira mvula walira matope. Ndipo namondwe akabwera amayamba kudula pomwe panali pofooka kale: pa kalavati wotsekeka, pa ngalande yokwiririka, pa kachigwembe kamene tinakalekerera.

MADZIWO ACHOKERA KUTI?

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mvula ya mamilimita 50, ndiwo mainchesi 2, ikhoza kugwa madzulo amodzi m'mwezi wa January. Mvula yotere ikagwa pa ekala imodzi imathira malita oposa 200,000. Mukawatunga m'ndowa za malita 20, zikwana ndowa 10,000. Tsono tiyerekeze kuti mundawo uli pamtsetse, mizere yake yaloza kumunsi, mapesi anatenthedwa, ndipo theka la madziwo lathamanga osalowa pansi. Zimenezo ndi ndowa 5,000 zochoka pa ekala imodzi. Ngati kumtunda kwa msewu kuli maekala 10 otere, ndowa 50,000 zili kufuna podzera, ndipo podzera pake ndi kalavati mmodzi.

Madziwo sabwera okha. Amatenga dothi lanu la chonde, mchenga, mapesi ndi zinyalala, nazitula m'ngalande ya msewu. Ngalande ikadzaza madzi akwera pamsewu. Kotero mlimi wataya kawiri: chonde cha munda wake chapita, ndipo chonde chomwecho ndicho chatseka msewu wake.

Dziwaninso kuti mphamvu ya madzi ili m'liwiro lake. Madzi akathamanga kawiri kuposa poyamba, mphamvu yake yokumba imakula kanayi. Chifukwa chake nzeru yonse yosunga munda ndi msewu ndi imodzi: madzi aziyenda pang'onopang'ono, ndiponso azigawika m'malo mosonkhana pamodzi.

Pali njira zinanso zimene zimatsogolera madzi kumsewu. Tinjira ta m'malire a minda totsetsereka molunjika timasanduka mitsinje mvula ikagwa. Chimodzimodzi njira za ng'ombe zonka kumadzi, ndi m'mene anthu amakokamo mitengo. Nyumba za malata za m'mbali mwa msewu zimathira madzi awo onse pamalo amodzi. Phiri lodulidwa mitengo chifukwa cha makala silisunga madzi ngakhale ola limodzi. Ndipo madzi saiwala khwawa: pamene anadzera chaka chatha adzadzeranso chaka chino, nakuza njira yawo.

NTCHITO YA KUMUNDA

Tsono tichite chiyani? Tiyambe kumtunda.

Poyamba, mizere ikhale yopingasa mtsetse. Itanani Mlangizi wa dera lanu adzakuthandizeni kuika mizere ya akalozera ndi chingwe cha levulo kapena felemu ya A, ndipo mizere ina yonse itsate akalozerawo, motalikirana masentimita 75 ngati ndi ya chimanga. Ntchito imeneyi ichitike m'chilimwe, pokonza minda.

Kachiwiri, ikani ngonyeka m'makwalala, motalikirana ngati mamita 2. Ngonyeka ikhale yofupikirapo kuposa mzere, kuti madzi akachuluka adumphe ngonyeka osathyola mzere. Madzi amene aima m'ngonyeka alowa pansi, ndipo chimanga chanu chidzawamwa pa nthawi ya ng'amba.

Kachitatu, bzalani udzu wa vetiva pa akalozera, motalikirana masentimita 10 kufikira 15 kuti utsekane msanga. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, ndipo mpanda wake umasefa dothi, madzi nadutsa ofooka. Nthawi yake yobzala ndi pamene mvula yakhazikika, mu December ndi January.

Kachinayi, musatenthe mapesi. Phimbirani nthaka kapena akwirireni. Kwezani tinjira ta m'malire kuti tikhale pamwamba pang'ono kuposa mizere, kuti madzi asamatsate kanjira. Kachigwembe kakangoyamba katchingeni ndi zikhomo, nthambi ndi miyala, ndi kubzalamo vetiva, nsenjere kapena nsungwi.

Kachisanu, musalime kufikira m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, makamaka pafupi ndi mlatho. Gombe lolimidwa limagumuka, mtsinje nukula, nuzungulira mlatho kumbali. Mlatho wotere umatsala uli chiimire pakati pa madzi, wosathandiza munthu. Musalimenso kufikira m'ngalande ya msewu. Lamulo la misewu linapatula malo mbali zonse ziwiri za msewu, ndipo malo amenewo si munda.

NTCHITO YA PAMSEWU

Msewu wa dothi uli ngati denga la nyumba. Denga lolala limadontha, ndipo msewu wopanda msana umasunga madzi. Pakati pa msewu payenera kukwera kuposa m'mbali. Ngati msewu ndi wa mamita 5 m'lifupi mwake, pakati pakwere masentimita 15, kuti madzi atsikire kumbali msangamsanga.

M'mbali zonse ziwiri mukhale ngalande zolandira madziwo. Koma ngalande yaitali yopanda potulukira imasanduka chigwembe. Chifukwa chake pafunika timingalande topatutsa madzi kunka nawo kutchire kapena kumunda, ndipo pamtsetse timeneti tikhale pafupipafupi. M'ngalande yotsetsereka ikani timipanda ta miyala kapena ta zikhomo todula liwiro la madzi. Pamtsetse wapang'ono titalikirane mamita 20, pokulirapo mamita 10, ndipo potsetsereka kwambiri mamita 5. Mita imodzi ndi phazi limodzi lalikulu la munthu wamkulu. Pakati pa kampanda pakhale potsika kuposa m'mbali mwake, kuti madzi adumphire pakati osakumba kumbali.

Ntchito ya pamsewu ili ndi nyengo zake monga ulimi.

Mu September ndi October, mvula isanayambe, chotsani mchenga ndi zinyalala m'ngalande zonse ndi m'makalavati. Suzumirani m'kalavati, ngati simuona kuwala kutsidya, ndiye kuti watsekeka. Dothi lochotsalo musaliunjike pamphepete pomwepo, pakuti mvula yoyamba idzalibweza. Lambulani udzu wozungulira milatho ya matabwa kuti moto wolusa usaitenthe.

Kuyambira December kufikira March, mvula yaikulu ikangokata, anthu awiri kapena atatu ayende ndi makasu kukaona msewu. Chipika chotseka kalavati chimachotsedwa ndi anthu awiri m'mphindi zochepa. Chikasiyidwa sabata imodzi, msewu wonse uduka, ndipo pafunika lole, simenti ndi miyezi yodikira.

Mu April ndi May, mvula itatha koma nthaka ikali ndi chinyezi, ndiyo nthawi yokwirira maenje ndi kubwezera msana wa msewu. Ambiri amalakwa apa, pakuti amadikira kufikira August, nathira dothi louma limene limauluka ngati fumbi. Dzenje likwiriridwe chotere: chotsani matope ndi madzi, semani m'mbali mwake kuti muongoke, thirani dothi la timiyala lokwana masentimita 10, sinjani ndi chipika cholemera, thiraninso lina, sinjaninso, kufikira dzenje ladzaza ndi kukwera pang'ono. Poyesa chinyezi finyani dothi m'dzanja. Likagwirana osatulutsa madzi, lili bwino. Likamwazika, wazani madzi. Musakwirire ndi udzu, mapesi kapena dothi lakuda la m'dambo, pakuti zimenezi zimaola ndi kutitimira. Musasiyenso miyala yaikulu yotulukira pamwamba. Imeneyo ndiyo imapinda malimu a njinga.

MAWU KWA INU MAFUMU

Akuluakulu akumbukira malamulo a malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu anali kulipitsidwa chindapusa, kumangidwa, ngakhale kuzulidwa mbewu zawo chifukwa cha mizere ndi milambala. Anthu anadana nayo ntchitoyo chifukwa inabwera ndi chikakamizo, ndipo ambiri anaileka atangopeza mpata. Lero sitibwera ndi mesenjala. Tibwera ndi chiwerengero cha ndowa chija, kuti munthu aone yekha phindu lake. Amene angafotokoze zimenezi pabwalo, anthu namvera, ndinu eni mudzi.

Mutu umodzi susenza denga. Gawani msewu wodutsa m'mudzi mwanu kwa mabanja kapena malimana, aliyense adziwe chigawo chake kuyambira pa mtengo wakuti kufikira pa kalavati wakuti. Msewu wa anthu onse popanda mwini chigawo sukonzedwa ndi munthu aliyense. Panganani ndi Nyakwawa mnzanu wa kumtunda ndi wa kumunsi, pakuti madzi sadziwa malire a mudzi.

Pali mlandu umodzi umene umabwera chaka ndi chaka. Mwini munda wa kumunsi kwa msewu amatseka kangalande kopatutsa madzi, nati madzi a msewu ali kumwonongera chimanga. Munthu ameneyu sanama, ndipo musamkalipire. Koma akatseka iye, mnzake atsekanso, madzi onse natsata msewu kufikira adula pamalo amodzi, nawononga munda wa wina kotheratu. Chiweruzo chabwino ndi ichi: timingalande tichuluke, kuti munda uliwonse ulandire madzi ochepa. Potulukira pake pakumbidwe dzenje kapena ngalande yopingasa yosunga madzi, pabzalidwe vetiva, ndipo m'munsi mwake mwini munda abzale nthochi kapena nzimbe. Madzi amene anali mdani asanduka othirira. Mlandu umenewu uweruzeni mu October, anthu asanabzale, pakuti mu February mitima imakhala itatentha kale.

Letsaninso zinthu izi m'mudzi mwanu: kukumba mchenga pansi pa mlatho, kuumba njerwa ndi dothi la m'mbali mwa msewu, kutaya zinyalala m'ngalande, ndi kuzula matabwa, misomali kapena zitsulo za mlatho. Wochita zimenezi aba kwa mudzi wonse.

Pali ntchito zina zoposa mphamvu ya mudzi. Misewu yaikulu imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, ndipo ndalama zake zimasonkhanitsidwa ndi Roads Fund Administration kuchokera pa msonkho wa mafuta a galimoto. Mabungwe awiriwa anakhazikitsidwa ndi malamulo a mu 2006. Misewu yaing'ono ya m'maboma ili m'manja mwa Khonsolo. Mlatho ukagwa kapena kalavati akasweka, lembani kalata kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ipite ku komiti ya dera la Mfumu Yaikulu, ikafike ku Khonsolo. M'kalatamo tchulani dzina la msewu ndi la mtsinje, kukula kwa malo oduka m'mamita, tsiku limene panaduka, ndi midzi, sukulu, misika ndi chipatala zimene zatsekeredwa. Kalata ya manambala imayenda msanga kuposa dandaulo la pakamwa. Ndipo ntchito ya mthandizi ikabwera m'dera lanu, pemphani kuti iyambire pa ngalande ndi pa zigwembe za kumtunda, isathere pa kupala udzu wa pamsewu.

KUKONZA MPIKISANO CHAKA CHA CHIGUMULA

Tsono tibwerere kwa anyamata athu. Chaka chimene madzi awononga, mpikisano ungathe kuchitikabe ngati okonza atsata izi.

Tsiku lisankhidwe pakati pa June ndi August, anthu atakolola, mitsinje itaphwa, misewu itakonzedwa. Lengezani tsikulo msanga, mu April, ndipo nenani poyera kuti mpikisano udzadzera m'midzi yokhayo imene yakonza zigawo zake. Mudzaona kuti anyamata ofuna kupalasa ndiwo ayamba kutenga makasu.

Okonza ayende njira yonse ndi miyendo sabata ziwiri tsikulo lisanafike, ndi kuiyendanso dzulo lake. Pa mlatho ndi kalavati aliyense atsike, ayang'ane pansi, agogode dothi la m'mbali ndi mtengo. Pomveka ngati ng'oma ndiye kuti pali mphako. Pamenepo mpikisano usadutse.

Ngati mlatho wagwa, musaoloke mtsinje pa liwiro. Kuli bwino kusankha njira yozungulira ya makilomita 4 kapena 5 tsidya limodzi, opalasa naizungulira kangapo. Njira yotere ndi yosavuta kukonza ndi kuyang'anira, ndipo oonerera amawaona opalasa nthawi zambiri.

Pamalo a mchenga, pokhota ndi potsetsereka paime munthu ndi nsalu yofiira, mamita 50 malowo asanafike. Ng'ombe, mbuzi ndi ana aang'ono zikhale kutali ndi msewu. Dziwitsani apolisi ndi Khonsolo, makamaka ngati njira ikhudza msewu wa galimoto, ndipo pemphani wazaumoyo akhalepo ndi mankhwala a mabala. Njinga iliyonse iyesedwe mabuleki, tcheni ndi mahandulo isanaloledwe, ndipo amene ali ndi chipewa cholimba achivale. Opalasa asachokere pamodzi ambiri pa msewu wopapatiza. Agaweni m'magulu, anyamata paokha, atsikana paokha, ndi a njinga za mpikisano paokha, kuti wa njinga ya kumunda asapikisane ndi njinga yopepuka.

Chenjezo lomaliza ndi la kwa aliyense wokwera njinga m'dzinja. Madzi othamanga ofika m'mawondo angathe kugwetsa munthu wamkulu, ndipo wogwira njinga ya katundu amagwa msanga koposa, pakuti madzi amakankha njinga ndi thumba lomwe. Madzi ofiira abisanso pamene msewu waduka. Mtsinje ukadzaza dikirani. Mitsinje yathu yaing'ono yambiri imaphwa m'maola ochepa, ndipo thumba lochedwa kumsika liposa maliro.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Madzi odula msewu amayambira kumunda ndi kuphiri. Agwireni komweko ndi mizere yopingasa, ngonyeka, vetiva ndi mitengo. Ngalande ndi makalavati ziyeretsedwe mvula isanagwe. Maenje akwiriridwe mu April ndi May, nthaka ikali yonyowa. Nyakwawa agawe msewu kwa anthu ake ndi kuweruza mlandu wa timingalande anthu asanabzale. Zoposa mphamvu ya mudzi zilembedwe ku Khonsolo ndi manambala ake. Mukatero anyamata adzathamanga mpikisano wawo pa msewu wa kwawo, ndipo pa msewu womwewo mbewu zanu zidzafika kumsika pa nthawi yake.

Amene ali ndi mafunso akaonane ndi Mlangizi wa dera lawo, ndipo Mafumu amene afuna kuti tidzayese akalozera m'midzi yawo atumize mawu msanga, chilimwe chisanathe.